Tsiku limene makina anawerenga chinangwa cha akazi anga

Kuseli kwa nyumba yanga ku Kafue Estates kunali mzere wa chinangwa. Sindinadzale ndine. Anadzala ndi akazi anga, chaka chimene tinachoka kummawa ine nditapeza ntchito ku fakitale ya nsalu. Timitengo take anatimanga m'chitenje, pamodzi ndi mapoto. M'basi anthu anatiseka. Wina anafunsa ngati ku tauni tikukadya nkhuni. Iwo mtolowo anauika pamiyendo mpaka tinafika.

Mizu analibe nayo ntchito kwenikweni. Ankafuna masamba, chigwada chotendera chodyera nshima. Mitengo ikakalamba ankaidula n'kudzalanso pamzere womwewo. Choncho chinali chinangwa chomwechija cha kumudzi, chinkangosintha thupi. Fakitale inatsekedwa, chinangwa chinatsala. Ana anakula n'kumwazikana. Kenako akazi anga anamwalira, icho chili chiimire.

Ine sindilankhula zambiri. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Koma m'mawa ndinkapita kuseli ndi kapu ya tiyi, n'kuima. Mphepo ikachokera kumtsinje masamba ankagwedezeka ngati manja a munthu amene akukuitana ali kutali. Tiyi ankazizira m'manja.

Chaka china masamba anasintha. Anachita mawanga achikasu motsata mitsempha. Pamitengo panatuluka timizere tofiirira. Ndinakumba muzu umodzi n'kuuthyola. M'kati munali mouma, mwakuda, ngati nkhuni yofumbwa. Ndinaukwiriranso.

Mwana wanga womaliza, wamkazi, anaphunzira za matenda a mbewu. Amagwira ntchito ku Lusaka, kumene amapima zomera. Nyengo imeneyo gulu lawo linkayenda m'minda ya ku Shimabala, ndiye iye ankagona kwanga. Loweruka lina anapita kuseli kukayanika zovala. Anakhalitsako. Atabwera, beseni linali lidakali ndi zovala.

"Atate, chinangwa chija mwachiona?"

"Ndimachiona tsiku lililonse."

Anakhala pampando n'kundiuza. Kuli matenda amene amangoipitsa masamba, munthu n'kumakhala nawo. Kuli ena amene amaoletsa mizu. Amenewo tintchentche toyera timawanyamula kupita nawo m'minda ya anthu. Mtengo umene uli nawo uyenera kuzulidwa ndi kutenthedwa.

"Maso anga akuti ndi oola mizu aja," anatero. "Tikatsata maso, tizula chonse. Wodwala ndi wosadwala sitingawasiyanitse bwino, chifukwa ena amabisa."

"Chinthu cha amako sindizula chifukwa cha maso a munthu."

"Ndiye tifunse makina. Adzatiuza mtengo ndi mtengo."

Anaimbira foni akuluakulu ake. Analola, chifukwa chinangwa cha m'mayadi a m'tauni nachonso ankafuna kuchidziwa. Koma mwanayo anandichenjeza. Kambale ka makinawo kamene amathiramo madzi a masamba kanali kamodzi kokha kotsala. Ntchito ikalephereka, tibwerera ku maso.

Madzulo amenewo tinadula tsamba pa mtengo uliwonse. Iye ankaika m'kabotolo. Ine ndinatulutsa ulusi umene ndinasunga kuyambira masiku a fakitale. Mtengo ndinkaumanga ulusi wa mtundu wake, kabotolo kakenso mtundu womwewo, kuti tisasokoneze. Wofiira, wobiriwira, wachikasu, wotuwa, mpaka mzere unatha.

Panali mtengo umodzi wosakhala pamzere. Unali mbali ina ya nyumba, pafupi ndi mpopi, kuseli kwa khola la nkhuku. Wopinimbira, wokhota. Ndikamatunga madzi unkandikola malaya. Ine ndi akazi anga tinakangana zaka zambiri chifukwa cha mtengo umenewo. Ine ndinkati udulidwe. Iwo ankati ndizidutsa kwina, yadi si yanga ndekha.

"Uwo usavutike nawo," ndinauza mwanayo.

Anadulabe tsamba. Ulusi wamitundu unali utatha. Ndinamanga wakuda.

Ndinkayembekezera chimakina chachikulu ngati zija tinkalukira nsalu. M'mawa wa Lamulungu anatulutsa m'chikwama kanthu kotalika ngati chipeso. Kenako laputopu yakuda, yolemera, ndi batire lalikulu lodikirira malaiti akathima. Anaziika patebulo la pabalaza n'kuzilumikiza ndi chingwe.

"Kowerengako ndi aka?"

"Aka kamangomva, atate. Yowerenga ndi kompyutayi."

Anandifotokozera uku akusinja masamba ndi kudontheza mankhwala. Chamoyo chilichonse chili ndi ulusi wautali m'kati mwake, wosaoneka ndi maso. Paulusipo palembedwa mmene chinthucho chiyenera kukhalira. Zilembo zake n'zinayi zokha, zongobwerezabwereza. Chinangwa chili ndi ulusi wake. Kachilombo ka matenda nakonso kali ndi kake. M'kambale kaja muli timabowo tating'ono kwambiri. Ulusi ukamadutsa pabowo, magetsi amanjenjemera. Kamakina kamangomva kunjenjemerako n'kutumiza ku kompyuta. Kompyuta ili ndi pulogalamu imene inaphunzitsidwa kusandutsa kunjenjemerako kukhala zilembo. Pulogalamu ina imagawa zidutswa, izi za mtengo uwu, izi za uwo. Ina imalumikiza zoduka n'kuyerekeza ndi matenda odziwika kale.

Zambiri zinandidutsa. Za ulusi ndinamva. Zaka zanga za ntchito ndinathera pa ulusi wodutsa m'timabowo, ukaduka n'kumanga.

Anathira timadontho m'kambale n'kutseka. Anakhudza mabatani. Pagalasi panabwera timadontho tobiriwira tambirimbiri, tikuphethira. M'kati mwa laputopu china chake chinayamba kuuluza mphepo, poyamba pang'ono, kenako mwamphamvu.

Iye amaimba kwaya kutchalitchi kwawo kwa achinyamata, kumene amapemphera mpaka masana. Anavala n'kutenga Baibulo.

"Izi zitenga nthawi. Musaikhudze, atate."

"Ndikhudziranji?"

Ndinatsala ndekha ndi makinawo. Unali mwezi wa Okutobala. Malata ankalira ndi dzuwa. Ndinakhala n'kumayang'ana timadontho tija. Kena kazima, kena kayaka. Zinandikumbutsa kumtsinje m'bandakucha, nyali za asodzi zikubwerera. Ndinkaganiza za tsamba lija, losinjidwa, likulowa pakabowo pang'onopang'ono, chinangwa chikunena zake zonse kwa chinthu chimene sichinadyepo chigwada.

Kutentha kunandithamangitsa m'nyumba. Ndinakoka mpando kupita pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi zenera. Phokoso la mphepo ya laputopu linkandipeza pomwepo. Linafanana ndi la fakitale munthu ukalimvera kunja kwa mpanda. Maso analemera.

Ndinaona holo yaitali ya makina olukira. Koma ulusi wake unali wobiriwira, ukuchokera pazenera, kuseli kwa nyumba yanga. Akazi anga anali pamzere wa chinangwa atavala chitenje chija cha m'basi. Ankathyola masamba n'kuika m'lichero, koma lichero silinkadzaza. Tsamba lililonse linkasomoka kukhala ulusi n'kumapita. Ndinafuna kuwauza kuti agwire nsonga. Sitima inadutsa pa mlatho, mabogi osatha, lililonse lili ndi chilembo chimodzi. Iwo anaima kuiyang'ana, dzanja lili pamphumi.

Chimene chinandidzutsa ndi bata.

Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, amagulitsa nsomba. Amakagula ku Chanyanya n'kubwera nazo m'bokosi la ayisi. Chimwalirireni mkulu wake, amafika kwanga Lamulungu lililonse. Amasesa, amasiya nsomba, amandinyoza, n'kupita. Nditalowa m'nyumba ndinamupeza pabalaza ali ndi tsache. Patebulo panali bwinobwino. Laputopu anaiphimba ndi kansalu koluka ndi manja kamene akazi anga ankaphimbira wailesi. Pamwamba pake anawonjezera chitenje chopinda, n'kuchipisa m'mbali monse.

"Iwe mlamu, wachita chiyani?"

"Naphimba chabe. Ba mulamu, mugona ngati mwana, chitseko chili pululu, fumbi ingena m'nyumba. Chinthu chodula so, mwachisiya maliseche?"

"Anati tisaikhudze."

"Sininaikhudze ine. Nsalu ndiye yaikhudza. Nyumba ino kuchokera pamene anapita akulu anga, wailesi maliseche, TV maliseche. Mawa tizakupezani na imwe."

Ndinachotsa nsaluzo. Laputopu inali yotentha ngati simbi ya makala. Galasi linali lakuda. Mphepo inali itasiya.

Mlamu anayang'ana, tsache lili m'manja. "Manje yagona?"

Ndinatuluka kupita kuseli. Timaulusi tija tinkalendewera pamitengo, palibe ndi mphepo yomwe. Ndinayenda mzere wonse kuchokera kofiira mpaka kumapeto. Kambale kanali kamodzi. Tsopano tinabwerera ku maso, ndipo maso anali atanena kale.

Mwanayo atafika ndinamva mawu awo m'nyumba. Mlamu ankalankhula mofulumira. Mwanayo sanakalipe. Anandiitana.

"Atate, kompyuta imapuma ngati munthu. Imakoka mphepo pansi n'kutulutsa m'mbali. Mami aang'onowa atseka mphuno zake. Ikatentha kwambiri imadzithimitsa yokha kuti isapse."

"Yafa?"

"Tiyembekeze izizire."

Tinakhala atatu kuyang'ana chinthu chakuda patebulo. Mlamu anatenga chivindikiro cha poto n'kuyamba kuikupizira. Patapita nthawi mwanayo anaiyatsa. Inayaka. Anafufuza m'kati mwake, chala chikuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Ndikuganiza ankapemphera.

"Kuwerenga kwaima panjira," anatero. "Koma kunjenjemera konse kumene kamakina kanamva isanathime, kompyuta inkasunga nthawi yomweyo. Kulipo. Si konse kumene ndinkafuna, koma mwina n'kokwana."

Chinatsala n'kusandutsa kunjenjemerako kukhala zilembo. Anati imeneyo ndiyo ntchito yolemetsa, imene imatenthetsa kompyuta. Anaiyambitsa. Mphepo inayamba kulira. Posakhalitsa inayambanso kutentha, ntchito n'kumayenda ngati ngolo yamatope. M'nyumbamo ife tomwe thukuta linali kamukamu.

Mlamu anatuluka. Anabwera ndi beseni la ayisi wa m'bokosi lake, mamba a nsomba akuyandama.

"Mami, madzi asayandikire!"

"Nani wakamba zoisambitsa? Ba mulamu, imani, letani njerwa. Kapena nazo muyopa kukhudza?"

Ndinabweretsa njerwa ziwiri. Laputopu anaikhazika pamwamba, pansi pakhale mpata. Beseni analiika chapatali pang'ono, pamene mwanayo analoza. Mlamu anakhala kuseli kwa beseni n'kumakupiza ndi chivindikiro kuti kamphepo kozizira kapite kumakinawo. Pabalaza ponse pananunkha nsomba. Kaya ndi ayisiyo, kaya njerwa, kaya dzuwa limene linayamba kupendeka, sindidziwa. Koma siinathimenso.

Kenako mwanayo anandionetsa zilembo. Zinadzaza galasi lonse, mzere pa mzere, zikukwera m'mwamba n'kumasowa. Ndinavala magalasi. Zilembo zonse ndinkazidziwa. Zinayi zomwezo za m'kalasi yoyamba. Koma panalibe mawu ndi amodzi omwe oti ndiwerenge. Ndinayang'anabe. Zinkayenda ngati madzi a mtsinje pamene ali akuya, osachita phokoso. Ndinkaganiza kuti penapake m'menemo muli munda wa apongozi anga, muli basi ija, muli kukoma kwa chigwada chimene wina aliyense sanachiphike chimodzimodzi.

Pulogalamu ina inayamba kupatula. Mulu waukulu mbali iyi, kamulu kakang'ono mbali iyo.

"Waukuluwo n'chiyani?"

"Ndi za chinangwa chenichenicho. Sitizifuna. Tikufuna za kachilombo, kamulu aka."

"Ndiye waukuluwo upita kuti?"

"Timaufafaniza. Umadya malo."

"Za amako ndi zimenezo."

Anandiyang'ana. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kafulashi kochepa ngati chala. Anakalowetsa m'mbali mwa laputopu. Mulu waukulu uja anausungira mmenemo. Mlamu anasiya kukupiza pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati ndi utsi wa kwa aneba.

Yankho linabwera dzuwa lisanalowe. Mwanayo anandandalika timabotolo tija patebulo ndi ulusi wake. Ankayang'ana pagalasi, n'kukankhira kabotolo kumanzere.

"Wofiira, alimo."

Anali matenda oola mizu aja.

"Wobiriwira, alimo. Wachikasu, alimo."

Ngakhale mitengo imene masamba ake ankaoneka abwino, analimo. Timabotolo tinasamukira kumanzere kamodzikamodzi. Ndinasiya kumvetsera mitundu. Ndinkangoona dzanja lake likupita n'kubwera. Kumanja kunatsala kamodzi, ka ulusi wakuda. Apa anakhalitsa. Anatsegula china, kutseka, kutsegulanso.

"Uwu sindikuwapeza."

"Uti?" anafunsa mlamu.

"Wa kumpopi."

Mlamu anaseka mpaka anakhala pansi. "Uja wamene munali kufuna kudula? Uja? Akulu anga, mwamuona mwamuna wanu?"

Mwanayo sanaseke. "Atate, mumve bwino. Makina sanati mulibe. Ati sanawapeze m'zimene anawerenga, ndipo anawerenga zoperewera. Mwina khola ndi khoma zinautchinga ku tintchentche. Tiusiye, tiuyang'anire. Ndidzaupimanso."

"Ndamva."

M'mawa mwake ndinatenga khasu. Mwanayo anafuna kuitana anthu oti athandize. Ndinakana. Ndinazula ndekha, mtengo ndi mtengo, ulusi wake uli pomwepo. Mizu yambiri inali yakuda m'kati. Maso a mwanayo sananame. Ndinaunjika pakati pa yadi, kuthira udzu wouma, kuyatsa. Chinangwa chachiwisi sichipsa msanga. Utsi wake unali woyera, wolemera. Unakwera pang'ono n'kupendekera cha kumtsinje. Ndinaima mpaka unatha. Kuseli kwa nyumba kunaoneka kwakukulu, kopanda kanthu, ngati chipinda chochotsamo bedi.

Asanapite ku ntchito, mwanayo anatulutsa neti yakale ya udzudzu. Anati tiphimbe mtengo wa kumpopi kuti tintchentche tisaufike. Tinazika timitengo n'kuikoleka. Lamulungu lotsatira mlamu anaiona ali pageti, bokosi lili pamutu.

"Oho! Manje kuphimba kwaloledwa?"

"Tula nsomba, mlamu."

"Nikaphimba ine ni mulandu. Akaphimba ba dokota ni nzeru."

Anatula. Kenako anapita kukakonza neti pamene inalekeza pansi, n'kuipsinja ndi miyala.

Mvula isanagwe mwanayo anapimanso, ulendo uno kuntchito kwawo, pa makompyuta aakulu okhala m'chipinda chozizira. Anandiimbira foni. Sanawapezenso.

Mvula itagwa ndinadula nthambi za mtengo wokhotawo. Sizinali zambiri. Ndinazidzala kumpopi komweko, osati pamzere wakale. Ndinawonjezera neti ina. Masiku oyamba zinali ngati nkhuni zozika m'matope. Ndinakumbuka munthu wa m'basi uja. Kenako timaso tinatupa, timasamba tinatuluka, tofiirira, topindika ngati dzanja la khanda.

Kafulashi kaja kali m'chitini cha singano cha akazi anga, pakati pa mabatani. Ndilibe choti ndikatsegulire. Nthawi zina ndimakatulutsa n'kukagwira. N'kopepuka. Sindimvetsa mmene mzere wonse uja unakwaniramo. Mwanayo akuti si wonse, ndi zidutswa chabe, ndipo sizingamere. Ndimakabwezera m'chitini.

Tiyi tsopano ndimamwera kumpopi. Malo ndi ochepa, nkhuku zimasokosa. Masamba sindinayambe kuthyola, ngakhale mlamu wabwera kale ndi nsinjiro kawiri konse. Ndimamuuza kuti adikire. M'mawa kukakhala kamphepo, neti imafufuma n'kuphwa, masamba akugwedezeka m'kati mwake, osaoneka bwino. Ndikawerama kutsegula mpopi, nthambi ya mtengo wakale uja imandikolabe malaya, ngakhale ili mu neti. Ndimaikolola pang'onopang'ono, n'kudutsa kwina.